Kalata Yomwe Ndinalemba ndi Dzanja Lamanzere

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, ndi inunso mwaima kunja pazenerapo.

Ambiri mukundidziwa. Kwa inu mwachokera ku Kabwazi ndi madera ena, ine ndine Sesiliya, koma kuno amanditchula kuti Nangozo. Ndimalima ndi kugulitsa mbewu ya kachewere kumtunda kwa Bembeke kuno. Nditaona kuti pa msonkhano uno pali anthu ambiri omwe anapempha ndalama za boma zochitira kafukufuku pa mabizinesi awo, ndipo mpaka lero sanayankhidwe, ndinapempha ndekha kuti ndilankhule. Za kalembedwe ka fomu akuphunzitsani ena. Ine ndikuuzani zomwe ndinachita ndili pa mzere womwe muliponu.

Vuto la ife a kachewere mukulidziwa. Kukolola n'kosavuta, nkhondo ili posunga mbewu. Njenjete ikalowa, pofika nthawi yobzala umapeza mphako zokhazokha. Ine ndinali nditapeza njira yanga. Ndinkayala mbewu pa mathandala m'shedi yolowa mphepo ndi kuwala pang'ono, n'kuwazapo masamba osinja a deliya ndi ombwe. Zinkathandiza, koma sindinkadziwa kuti chothandiza kwenikweni n'chiyani, masambawo kapena mphepoyo, komanso muyeso woyenera ndi uti. Alangizi atalengeza kuti boma lili ndi thumba lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kuyesa nzeru zawo, ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Ndinalemba fomu mosamala, ndinakaipereka ndekha. Anatiuza kuti yankho lidzatuluka pakatha miyezi itatu.

Tsopano ndikuuzeni za Agata. Wandilola kutchula dzina lake. Agata anabwera m'mudzi mwathu chitengwa, atakwatiwa ndi a Jelomu, oyandikana nafe nyumba. Anafika ali mtsikana wosadziwa ngakhale kuunga mzere wa kachewere. Ndinamutenga ngati mwana wanga, iye n'kumanditchula kuti amayi. Kwaya tinkaimba limodzi, paphiri kukatola nkhuni limodzi. Bizinesi yake inali ya makala a utuchi. Ankakatuta utuchi kwa ocheka matabwa ku Phiri la Dedza, n'kusakaniza ndi phala, n'kumaumba ndi manja.

Patatha miyezi inayi chiperekere fomu yanga, anatsegulanso mwayi kwa ena. Ndine ndinamukakamiza Agata.

"Amayi, Chingerezi chake chija ine ndichitha?" anatero.

"Iwe uzifotokoza, ine ndizilemba," ndinamuyankha.

Tinakhala pa khonde langa masana atatu. Mawu ovuta ndinamupezera ndine. Ngakhale envulopu yake ndinamata ndine.

Tsiku lina ndikusinja masamba kuseri kwa shedi, ndinamva munthu akuthamanga. Anali Agata, foni ili m'manja, mpango utagwera pakhosi.

"Amayi, tawerengani, mwina ndikuwerenga molakwa!"

Sankawerenga molakwa. Anali atamuvomera. Yake inatenga miyezi isanu. Yanga inali m'mwezi wachisanu ndi chinayi, popanda ngakhale uthenga woti tailandira bwino. Ndinalulutira, abale. Ndinamukumbatira, ndinavina naye pabwalo. Koma atangotembenuka ndinamva chinthu chikundikhala pachifuwa ngati ndameza mbatata yotentha. Ndinabwerera pa mtondo paja, osasinjanso.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda mofulumira. Ndinayamba kuimba foni ku ofesi ija sabata iliyonse. Yankho linali limodzi: "Ikuunikidwabe, mayi." Ndinakwera minibasi kupita ku boma, yankho lomwelo. Galimoto yoyera inayamba kubwera m'mudzi mwathu. Inkadutsa pakhomo panga, fumbi lake n'kugwera pa zovala zanga zoyanika, n'kukaima kwa Agata. Munkatsika anthu a makope m'manja. Anamubweretsera makina oumbira makala. Anamumangira chisakasa cha malata. Ine ndinkaima kuseri kwa mpanda, kusuzumira pa mng'alu wa udzu, munthu wamkulu ndi imvi zanga.

Kwaya ndinasiya. Ndinati pakhosi pakundiwawa, koma chinkandiwawa n'chakuti ndikaima pambuyo pake ndinkaona nsapato zake zatsopano. Akandipatsa moni ndinkamva ngati akundiseka. Akanditumizira makala kuti ndiyeseko, ndinkawataya kudzala.

Kenako pakamwa panayamba. Pa mjigo, amayi ena atayamikira kuti Agata ali ndi mwayi, ine ndinangoti, "Kodi mapepala amayenda okha? Ena amayenda chifukwa mwini wake amadziwa kuseka ndi mabwana." Ndinanena ngati nthabwala, n'kusenza ndowa yanga. Pofika Lamulungu mawu aja anali atamera nthambi. Anthu ankatchula ngakhale nyumba yogona alendo ku boma komwe amati anamuona Agata ndi bwana wina. Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza, poti mbewu yake ndinabzala ndine, koma anthu akandiuza ndinkagwira pakamwa n'kumati, "Ah, zoona?"

Mowa ndinauyamba m'chisanu cha Juni. Ndinkati kapu imodzi ya kachasu yotenthetsa thupi. Kunena zoona, ndinapeza kuti ndikamwa galimoto ija inkadutsa osandipweteka. Kapu imodzi inasanduka botolo lobisa m'thumba la feteleza. M'shedi ndinasiya kulowamo. Ndinkati ndivutikirenji, boma likadzayankha ndidzamanga ina yabwino. Njenjete sinadikire boma. Nthawi yobzala itafika, mbewu yoposa theka inali yofumbwa, ndipo ine ndinasakaniza yoipa ndi yabwino, yabwino pamwamba, n'kugulitsa kwa alimi omwe anandikhulupirira zaka zambiri. Anabwera nazo pakhomo mbatata zowola, n'kuzikhuthula pa khonde langa.

Amuna anga, a Sitefano, amacheka matabwa ku phiri. Ndi munthu wosachulutsa mawu. Tsiku lina atapeza botolo lija anakhala pansi n'kunena kuti, "Make Rita, kodi mtsikana uja wakulandani chiyani? Fomu yanu waitenga ndi iyeyo?"

Ndinawakalipira kuti nawonso akopeka naye. Kuyambira pamenepo anayamba kugonera ku phiri masabata athunthu.

Apa ndiye pansi penipeni, ndipo sindibisa. M'mawa wina ndili ndekha, ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba kalata yopita ku ofesi ija. Ndinalemba ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zisadziwike. Ndinati Agata anapeza ndalamazo chifukwa ali pa chibwenzi ndi bambo wina wobwera pa galimoto ija. Ndinati nzeru ya makala si yake. Kuti bodza likhale ndi miyendo ndinaikamo choona chimodzi, chakuti fomu yake anachita kumulembera munthu wina. Dzina sindinalembe. Ndinangoti, "Ndine nzika yokhudzidwa." Musaganize kuti ndinali nditaledzera. Tsiku limenelo ndinali ndisanalawe ngakhale dontho.

Sipanathe mwezi, ndalama za Agata anaziimitsa. Makina anawatsekera ndi loko. Nkhani itafika kwa a Jelomu, anaiphatikiza ndi zomwe ankamva kale kumowa. Ankhoswe anayesa kukhalira pansi, koma bambo aja ananyamula chikwama n'kupita ku tauni, kumusiya Agata ndi ana atatu.

Mukufuna kudziwa kuti ndinamva bwanji? Ndinadya bwino sabata imeneyo. Galimoto inasiya kubwera, ndipo ine ndinkagona tulo. Uyu ndi munthu amene waima pamaso panuyu.

Patatha masabata angapo Agata anabwera kwathu. Kunali kutacha kale, ine ndili pa mkeka kuseri kwa nyumba, mutu ukuwawa ndi mowa wa dzulo lake. Anali ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri. Anagwada chapatali monga ankachitira kale.

"Amayi, Lachinayi kukubwera anthu odzafufuza nkhani ija. Anena kuti ndipite ndi mboni. Inu nokha ndi amene mukudziwa m'mene fomu ija inalembedwera. Ndikudziwa kuti masiku ano simukupeza bwino, koma ndilibe wina."

Ndinavomera. Mumtima ndinati ndikanena zapakatikati, zosamuthandiza komanso zosandiulula.

Lachinayi tinanyamuka limodzi wapansi, kulowera ku ofesi ya alangizi komwe anaitanitsa nkhaniyo. Kunali nkhungu ndi kamvula kowaza. Ambulera inali imodzi, yake, ndipo njira yonse ankaipendekera kwa ine, phewa lake likunyowa. Titafika pa mtunda ndinayamba kupuma movutikira, iye n'kuima kundidikira.

"Amayi, mwaonda," anatero. "Musadandaule kwambiri, yanunso ituluka. Ndimaipempherera masiku onse."

Ndinayang'ana kumbali ngati ndikuona munda wa kabichi.

M'chipindamo munali anthu awiri ochokera ku likulu, mayi wina wamagalasi yemwe ankafunsa mafunso, ndi bambo yemwe ankalemba. Atatipatsa mipando, mayi aja anatsegula fayilo n'kunena kuti ayambe awerenga kalatayo kuti tonse tiimve.

Abale, kulemba chinthu uli wekha n'kosiyana ndi kuchimva chikutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Anawerenga pang'onopang'ono, osasintha mawu, osadumpha kalikonse. Mawu ena ndinali nditaiwala kuti ndinawalemba. Panali pena pomwe ndinamutchula Agata kuti mkazi wopanda manyazi yemwe ana ake mwina si a mwamuna wake. Atafika pamenepo Agata sanalire mokweza. Anangogwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri, misozi ikugwera pa chitenje.

Atamaliza, mayi aja anaika kalatayo pa tebulo n'kuikankhira kwa ine.

"Inu mayi mwakhalitsa m'mudzimo. Zilembozi mukuziona ngati za ndani?"

Ndinaliona pepala lija, lokhala ndi mizere yabuluu, m'mphepete mong'ambika. Zilembo zake zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani. Ndisanatsegule pakamwa, Agata anayankha.

"Pepani bwana, amayiwa sangadziwe. Iwo anthu a mtima wotere sacheza nawo."

Ndinkamva madontho akugwa kuchokera pa malata kupita m'chidebe chomwe anatchera pakhomo. Bambo wolemba uja anali ataweramira kale pa pepala kuti alembe kuti mboni sikudziwa. Ndikanangokhala chete, nkhani inali itatha. Mwini wake anali atanditsegulira yekha khomo lothawira.

Sindinganame kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Chomwe ndinaona ndi phewa lake lonyowa lija, bulauzi itamatirira pakhungu. Ndinangomva pakamwa panga pakulankhula.

"Ndinalemba ndine."

"Mwati bwanji, mayi?"

"Kalatayi ndinalemba ndine. Ndi dzanja lamanzere. Zonse zili m'menemo ndi bodza, kupatula zakuti fomu ndinamulembera. Koma nzeru ndi yake, ine ndinkangoika m'Chingerezi zomwe iye ankanena. Za chibwenzi ndinapeka. Za pa mjigonso anayambitsa ndine."

Mayi aja anavula magalasi. Kenako anandipatsa cholembera ndi pepala kuti ndilembe mzere woyamba ndi dzanja lomwelo. Ndinalemba. Anaika mapepala awiriwo pamodzi, n'kuonetsa mnzawo uja.

Agata anali akundiyang'ana. Ndinkayembekezera kuti andilumphira, ndipo zikanandipepukira. Koma anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Amayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga bwanji?"

"Unayankhidwa, ine ayi."

Anakhala kanthawi akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anaimirira, anamanga bwino chitenje, anapempha chilolezo kwa mabwana aja n'kutuluka.

Nditatsala ndekha, mayi aja anandifunsa nambala ya fomu yanga. Ndinkaidziwa pamtima kuposa tsiku lobadwa la mwana wanga. Anaimba foni, anadikira, anamvetsera. Atatsitsa foni anandifotokozera. Mafomu okhudza tizilombo ta mbewu amayenera kuwerengedwa ndi katswiri wa zimenezo, ndipo akatswiri otere anali ochepa, mafomu atangounjikana. A za makala ndi nkhuni anali ndi wowawerenga, n'chifukwa chake anayenda msanga.

"Fomu yanu palibe anaikana," anatero. "Palibenso amene waitsegula."

Ndiye kuti ndinapasula banja la mwana wa eni ake chifukwa cha envulopu yomwe inali isanang'ambidwe n'komwe. Panalibe wondida, panalibe wondipondereza. Pepala linangokhala pa mulu.

Kuchedwa kwa ofesi ija kunali kolakwika, ndipo mpaka lero ndimanena choncho. Munthu ukamulonjeza miyezi itatu, umuuzeko ngati zasintha. Koma kalata ija sinalembedwe ndi ofesi.

Njira yobwerera inali yaitali kuposa yopita. Loweruka ndinapita kukalapa. Bambo mfumu atandimvetsera anati, "Mulungu akhululuka, koma bodza lanu likadali kuyenda m'mudzi. Kalitoleni komwe munalitaya." Choncho ndinayambira pa mjigo pomwe paja, nthawi ya m'mawa amayi atachuluka. Ndinatula ndowa n'kunena zonse. Ena anandilavulira malovu pafupi ndi mapazi. Ndinakanenanso ku mphakati wathu wa tchalitchi, ndinakanena kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Agata akanatha kunditengera ku khothi, ndipo anthu ankamulimbikitsa kutero. Sanatero, komanso sanandilankhule chaka chathunthu.

A Sitefano atamva anatsika ku phiri. Sananditukwane. Anangoti, "Valani, tikawafune a Jelomu." Tinawapeza ku tauni akukhoma mipando pansi pa mtengo. Ndinagwada pa utuchi pomwepo n'kuwauza kuti mkazi wawo ndi wosalakwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwachedwa, aNangozo." Anali atatenga kale mkazi wina, ndipo mkaziyo anali woyembekezera. Thandizo la ana amatumiza, koma pakhomo paja sanabwerere. Ichi sindingachikonze, ndipo ndidzafa nacho.

Za mowa, ndinapita kwa mayi yemwe ankandigulitsa kachasu masana anthu ali pomwepo, n'kumuuza kuti akadzandigulitsanso adzakhale akudziwa kuti akundipha. Njira yodutsa pakhomo pake ndinaisiya, ndimazungulira kudambo ngakhale ndi kutali. Ndinagwako kawiri, sindikana. Ulendo wachiwiri ndinakadziulula ndekha kwa amuna anga asanamve fungo. Alimi omwe ndinawapusitsa ndinawayendera mmodzimmodzi, ndipo nyengo yotsatira ndinawapatsa mbewu yabwino. Ena analandira, ena anati ndibwerere nayo.

Kenako ndinalowa m'shedi muja. Ndinasesa, ndinatentha zofumbwa zonse. Ndili mkati mosesa ndinadzifunsa kuti, kodi kafukufuku amene ndinkadikira ndalama zakeyu, sindingamuyambe pang'ono ndi zomwe ndili nazo? Mathandala ndinali nawo atatu. Pa loyamba ndinawaza deliya yekha, pa lachiwiri ombwe yekha, lachitatu ndinalisiya lopanda kanthu. Loweruka lililonse ndimatola mbatata zofumbwa pa thandala lililonse n'kulemba m'kope. Si kafukufuku wa akatswiri, koma ndikudziwa tsopano zomwe sindinkadziwa, ndipo alangizi amabwera kudzajambula kope langa pa foni.

Za fomu, tinapezana anthu asanu ndi mmodzi a dera lino omwe tonse tinkadikira. Tinayamba kulemba kalata imodzi mwezi uliwonse yofunsa pomwe mafomu athu afika, aliyense n'kusayina dzina lake lenileni. Ndi gulu lomwelo lakula n'kukhala msonkhano unowu. Yankho langa linabwera patatha zaka ziwiri. Anati fomu inasintha, ndilembenso yatsopano. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinalembanso, ndipo pa funso loti kodi munayamba mwakhalapo ndi nkhani ndi ofesi ino, ndinalemba zoona. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri ndikudikira. Mwina adzandikana chifukwa cha zomwe ndinachita, ndipo sindidzadabwa.

Inu amene mukudikira, funsani ku ofesi, vutitsani, lembani makalata okhala ndi maina anu. Ndi ufulu wanu. Koma bizinesi yanu musaiuze kuti idikire nanu limodzi. Ndipo wina mwa ife akayankhidwa mawa, mukamva chotentha chija pachifuwa, kauzeni munthu tsiku lomwelo, amuna anu, akazi anu, kaya mnzanu wa ku mphakati. Nenani ndi pakamwa kuti ndikuchita nsanje. N'zochititsa manyazi, koma manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Ine imandibwererabe. Agata a ku ofesi anamutsegulira makina ake, pano ali ndi antchito anayi, ndipo galimoto ikadutsa mtima umandilasa ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimakawauza a Sitefano, iwo n'kundipatsa khasu.

Mwezi wathawu, ndikukonza mbewu yogulitsa, ndinamva odi. Nditatuluka ndinapeza ndi Agata, ali ndi wilibala. Chiyambire tsiku lija anali asanapondepo pakhomo panga. Sanakhale pa mpando womwe ndinamupatsa.

"Ndikufuna mbewu," anatero. "Koma ndisankha ndekha."

Analowa m'shedi, anapisa dzanja pansi penipeni pa thumba, anatulutsa mbatata zisanu. Anasolola mpeni m'chitenje n'kuzidula imodziimodzi pamaso panga, monga amachitira munthu wogula kwa mlendo. Ine ndinangoima, manja kumbuyo. Zonse zisanu zinali zoyera mkati. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta mpeni uja.

"Matumba awiri," anatero. "Ndithandizeni kukweza."

Tinagwira thumba, iye uko ine kuno, n'kukweza.

Umboni wanga ndi umenewu. Amene mumapemphera, mukandikumbukire ine, koma muyambe mwatchula Agata ndi ana ake. Zikomo.